Malata a Nyumba ya a Geresomo

Mukamatsika pa Nsanje boma kulowera ku Shire, muona chinyumba cha khonde lozungulira. Anamanga ndi Mmwenye wogula thonje, kuno kukadali Port Herald. Amwenye atauzidwa kuti asamukire m'mizinda, anagula ndi kalaliki wake, a Geresomo. Mwana wawo mmodzi yekhayo, a Dorika, anabadwira momwemo, imvi zawamereranso momwemo. Zaka zonsezi ndi iwo womata ming'alu, ndi iwo wothamangitsa mileme. Madzi akasefukira, ndi iwonso woyalira anthu mphasa pakhondepo.

Tsono vuto lake nali. A Geresomo anali Mmang'anja wa kwa Maseya, koma anakwatira Msena, lobola n'kupereka yonse. Madalawo atamwalira chaka chatha, kunatulukira ana a mlongo wawo, Paison ndi Gilbert, anthu oti ngakhale tsache la pakhomopo sakulidziwa.

"Asuweni, za malume ndi zathu," anatero Paison. "Inu kwanu ndi kuchimayi."

A Dorika anakwera kabaza mpaka ku Marka, kwa abale a mayi awo. Kumeneko nako akuti, "Ng'ombe tinalandira kalekale, mwanawe. Ndiwe wa kwa bambo ako." Anabwerako osapereka moni ngakhale kwa ogulitsa usipa.

Anyamatawo, anyamata chiyani, madoda a mimba zawo, anakanganirana miyezi itatu za woti amugulitse nyumbayo. Zitakanika anangoti aigawane: Paison malata, Gilbert zitseko ndi mafelemu. Nanga a Dorika agona kuti? Aliyense ankangoyang'ana pansi.

Loweruka m'mawa Paison anafika ndi makwerero obwereka, ogwedera. Makoma a kuno ndi opyapyala, zonse zinamveka.

"Ndiye muyambira chipinda changa?" anafunsa a Dorika.

"Tiyambira kukhitchini, asuweni, musalire."

"Akulira ndani? Chimimba chimenecho denga la Mmwenye lichinyamula?"

Paison anakwera ndithu. Makwerero aja anayamba kuvina. A Dorika anayang'ana, n'kutsonya, n'kutaya tsache, n'kupita kukawagwira ndi manja awiri.

"Mukathyoka khosi pakhomo pano azinena kuti ndine mfiti. Pondani bwino apo, pali chiswe!"

Anagwira choncho mpaka dzuwa lili pamutu, akutukwana lata lililonse likamatsika. Pofika madzulo khitchini inali pamtetete, iwo akukokera mbaula ndi mapoto kuchipinda chogona.