Pijo ya Malemu Amuna Anga

Senderani kuno, ana inu, mawu anga masiku ano safika patali. Inu amene mumati agogo ndi munthu wofatsa, tcherani khutu mumve zomwe ndinamuchita mkulu wina wa mpingo kuno ku Nkhata Bay, nthawi ija tinkayenda ndi khadi la chipani pamfundo ya chitenje.

Agogo anu aamuna anagwira ntchito m'mahotela ku Halale. Anzawo pobwerera ankanyamula masuti ndi magalamafoni, koma iwo anabwera ndi galimoto, Pijo yoyera ya mipando mizere itatu. Ikamatsika chitunda cha ku boma, ana ankaithamangira mpaka kudoko.

Kenako maso awo anachita ng'ala. Galimoto inangokhala pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira mazira kunsi kwake. Apa mpamene anatulukira mnzawo wa pamtima, amene ankagona naye chipinda chimodzi ku Halaleko. Anali munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, wolankhula Chingerezi ndi mbuzi zomwe. Ine ndinkamutcha alamu.

"Ada," anatero, "galimoto ikakhalitsa imadwala ngati munthu. Ndibwerekeni ndiziiwongola miyendo. Tsiku lomwe mudzaifune, mudzangotuma uthenga."

Amuna anga anavomera. Koma anali munthu wosamala, choncho anati tipite kaye ku Mzuzu tikawauze a inshuwalansi. Ndinapita nawo, alamu akuyendetsa, poti ine ndiye ndinali maso awo. Kalaliki wa kumeneko anati woyendetsa akasintha, dzina lake lilembedwe pa inshuwalansi, apo ayi pakachitika ngozi sadzalipira kanthu. Izo anachita, ndalama n'kuwonjezera okha. Kenako kalaliki uja anatsitsa mawu.

"Bambo, mulemberanenso kapepala kakuti galimotoyi ndi yobwereka, asaine mboni ziwiri."

Alamu anagwira pachifuwa ngati alasidwa. Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana iwe, munthu uyu tinkabwerekana thalauza popita kudansi. Lero ndimusainitse ngati wakuba?"

Ine ndinawatsina pamkono, iwo n'kundikankha dzanja. Chokhacho chomwe ndinatha, kalaliki atabweza bulubuku, buku lija losonyeza mwini galimoto, ndinalilandira ine n'kuliika pachifuwa. Alamu atatambasula dzanja ndinayang'ana kudenga.

Zaka zinadutsa. Mango akayamba kupsa tinkakwera ku Mzuzu, amuna anga n'kulipira inshuwalansi ndi msonkho wa pamsewu, alamu n'kumata kapepala kozungulira katsopano pagalasi. Galimoto inkanyamula usipa ndi nthochi, ndipo nyumba yomwe inafoleredwa malata sinali yathu. Ndikadandaula ankati, "Usiye, mkazi iwe, ubwenzi sawerengera."

Tsono linafika tsiku lija ankati mudzangotuma uthenga. Amuna anga anagwa pakhomo, mbali imodzi itauma. Ndinatuma uthenga. Yankho linabwera lakuti galimoto yadzaza kale nsomba, zingawole, adzatipeza pobwera. Tinawanyamula pa machira kukwera chitunda chonse chija mpaka kuchipatala, mutu ukugwedezeka ngati dzungu. Sanabwerere kunyumba ndi moyo. Galimoto inabwera pa maliro, yotsukidwa bwino, alamu n'kulalikira za chikondi cha pa abale.

Mukudziwa mwambo wathu. Tsiku lometa, wamkulu wa banja amaimirira n'kufunsa kuti amene akusunga katundu wa malemu anene pompano, kuti malemu agone bwino. Wina anatulutsa nkhwangwa. Mayi wina anabweza sefa, sefa yeniyeni yong'ambika! Alamu ankangokonza tayi. Ndinalankhula ndine, mutu uli mpala.

"Nanga galimoto, alamu?"

"Aa, mlamu, chisoni chakusokonezani. Mbale wanga anandipatsa ija. Anati, tenga, ine sindidzaonanso msewu."

Mboni? Panalibe. Pepala? Panalibe. Abale a malemu anayang'ana pansi, poti ndani angatsutse mkulu wa mpingo pa mawu a mkazi wosadziwa ngakhale kulemba dzina lake? Koma mumtima ndinalumbira kuti pakamwa pomwepo pomwe patuluka "anandipatsa" padzatuluka "ndinabwereka", anthu akumva.

Mango atapsanso, alamu anabwera ndi paketi ya shuga.

"Mlamu, kabuku kaja ka galimoto. Popanda iko sangandipatse kapepala ka pagalasi, ndiponso a inshuwalansi akuti ya malemu inatha."

"Yewo chifukwa cha shuga, alamu. Koma kwa ine mapepala onse amaoneka ofanana. Mwina ndinakolezera moto."

Pomwe ndinkanena zimenezo, bukulo linali m'kachitini pansi pa dengu la makaka, ndipo dengulo linali pafupi ndi phazi lawo.

Munthu uja anali wochenjera. Ku Mzuzu anasiya kupita, kuopa apolisi a pamsewu. Anamangirira kambendera ka chipani kutsogolo, n'kuyamba kunyamula ulere amayi opita kokonzekera magule a chipani. Ndani akanaima kuti asuzumire kapepala kakale pagalasi la galimoto yonyamula amayi? Inenso ndinkakwera, ndithu, pampando womwe ndinkakhala ndi amuna anga, ndikuimba mokweza kuposa onse. Anzanga ankati pita kupolisi lero lomwe. Ine ayi. Akanamugwira tsiku wamba, akanalipira faindi mwakachetechete, madzulo n'kumwa tiyi wake. Wina anandinong'oneza kuti ndingomunamizira kuti wanyoza boma, asowe. Ndinakana. Wosowa sanena "ndinabwereka".

Ndinadikira mpaka mwana wake wamkazi atapeza banja, mnyamata wa mu ofesi ya ku boma wochokera kumwera. Ukwati unagwa tsiku lomwe sitima yapamadzi imafika, tauni itadzaza. Pijo inavekedwa maluwa ndi nsalu zoyera, kambendera kaja atakachotsa kuti pakhale riboni.

M'mawa ndinavala zakuda zanga, n'kufukula kachitini kaja, ulendo kupolisi. Ndinaika patebulo bulubuku, kalata ya imfa ya kuchipatala ndi khadi langa.

"Bwana, galimoto ya malemu amuna anga ikuyenda yopanda inshuwalansi, ndipo lero inyamula ana a eni. Ikagubuduzika pachitunda paja, dzina lomwe mudzalifune ndi la m'nyumba mwanga. Ndabwera kudzasamba m'manja."

Sajeni anawerenga, n'kuvala chipewa.

Galimoto tinaipeza ikutsika kuchokera kutchalitchi, hutala ikulira, amayi akululutira m'mbuyo. Sajeni anakweza dzanja pafupi ndi msika. Onyamula katundu kudoko anatula mitolo, ogulitsa nsomba anasiya malichero, onse kudzaunjikana.

"Kapepala aka kanatha kalekale. Galimotoyi ndi ya yani?"

"Ndi yanga, ofisala," alamu anayankha, n'kuwonjezera Chingerezi chambiri.

"Buku ili likunena dzina lina, ndipo mwini dzinalo ali kumanda. Kalata yakuti anakupatsani kapena anakugulitsani muli nayo?"

Pepala lomwe alamu analikana ku Mzuzu atagwira pachifuwa, tsopano akanapereka ngakhale ng'ombe kuti likhalepo, lolembedwa mwanjira iliyonse.

"Ndiye pali ziwiri, ada," anatero sajeni. "Ngati mukuumirira kuti ndi yanu, tiyeni mukafotokoze bwino kupolisi mmene katundu wamasiye anafikira m'manja mwanu. Ngati ndi yobwereka, mlandu ndi wa inshuwalansi ndi msonkho basi, makiyi apite kwa amayiwa."

Thukuta linatsika mpaka pa tayi. Anayang'ana apongozi ake atsopano, anayang'ana abusa, kenako anang'ung'udza kanthu.

"Alamu," ndinatero ine, "makutu angawa anatha ndi kulira. Kwezani mawu ngati muja munalalikira pa maliro."

"Ndinabwereka."

"Kwa yani?"

"Kwa malemu amuna anu."

Mayi uja anabweza sefa anali pomwepo. Anaimba nthungululu imodzi yaitali, yosakhala ya ukwati. Akwati anatsika n'kuyenda wapansi mpaka kumadyerero, mkwatibwi atanyamula diresi m'manja, misozi ili chuchuchu. Ndinamumvera chisoni, koma pang'ono, poti iye ankayenda ndi miyendo yake, osati pa machira.

Alamu analipira faindi kukhoti, ndipo mpingo unamutsitsa paukulu. Anakalamba akuyenda wapansi, tayi ili pakhosi, akandiona n'kukhotera njira ina. Mkwatibwi uja banja lake linalimba, anasamukira kumwera, ndipo mpaka lero sandipatsa moni. Sajeni uja akuluakulu ake anamusamutsira kwina chaka chomwecho. Mayi wa sefa ndinamugulira sefa yatsopano. Pijo ndinaigulitsa kwa mphunzitsi wina, titalemberana bwinobwino, ine n'kudinda chala pamaso pa mboni ziwiri. Ndalama zake ndinamangira manda a agogo anu ndi simenti, zotsala n'kugula malata omwe mwakhala pansi pakewa. Ine ndidakali pano, ndipo shuga uja ndinamwera tiyi mpaka kutha.