Loweruka Loponya Mbale

Ku koleji ndinachokako mwaulemu wonse, pakati pa chaka chachiwiri. Anandilembera kalata yonena kuti ine ndi masamu tayesetsa kumvana koma zakanika, ndipo popeza masamuwo ndi amene anayamba kufika pamalopo, wochoka ndine. Kalatayo inafikira malume anga, amene ndinkakhala nawo ku Madaraka, mu Nairobi. Ndiwo ananditenga ku Dedza atalonjeza mayi anga kuti ndidzabwerera ndili injiniya.

Malume anaiwerenga, naipinda, naiika m'Baibulo. Panapita milungu iwiri. Munthu akakukalipira umadziwa kothawira, koma malume ankangondipatsira mchere patebulo mwaulemu.

Lachisanu lina anti, akazi a malumewo, anandipeza ndikukwecha mapoto, ntchito imene ndinali nditayamba kuikonda mwadzidzidzi. Ankachokera koyanika zovala, mapegi atatu ali pakamwa. Anati mawa malume akupita ku paki kukaponya mbale, ndipo anenetsa kuti ine ndisasowe.

Chichewa ndi chilankhulo choopsa. Mbale ndi yodyera. M'bale ndi munthu, monga mwana wa mchemwali wako. Kusiyana kwake ndi kampweya kochepa ka m'mphuno, ndipo munthu wa mapegi pakamwa sangakatulutse bwino. Panyumba paja m'bale woyenera kuponyedwa analipo mmodzi.

Ndinalongedza chikwama: malaya anayi, bulangete, nsapato za ku tchalitchi ndi setifiketi ya Fomu 4. Masiku atatu a pabasi kudzera ku Mbeya sankandiopsa. Ndinkaopa nkhope ya mayi akandiona ndikutsika ndi bulangete lomwelo limene anandigulira popita.

M'mawa ndinavala jekete ndi tayi, kuti ngati n'kuponyedwa ndikagwe mooneka bwino. Malume anatuluka atavala thirakisuti. Anayang'ana chikwama, nayang'ana ine, n'kutsogola. M'minibasi, imene kumeneko amati matatu, kondakitala anandifunira ulendo wabwino m'Chiswahili, ine n'kuthokoza ndi mtima wonse.

Ku paki, cha ku Kilimani, tinapeza mzungu wa ku Canada wogwira ntchito ndi malume ku bungwe la mpingo, ndi Amalawi ena atatu, mmodzi wa iwo mayi wamkulu wa kwaya. Mzunguyo anamasula thumba n'kutulutsa mbale. Zenizeni. Zapulasitiki, zofiira ndi zachikasu, zosaya moti ndiwo sizingakhalemo.

Anali atamangirira mabasiketi ochapira zovala asanu ndi anayi pamitengo, wina apa, wina uko. Anati ndi gofu wa anthu oyamba kumene: umaponya mbale mpaka ilowe m'basiketi, ndipo woponya kochepa ndiye wapambana. Aka kanali koyamba kumva za mayeso amene wopeza zochepa ndiye katswiri, ndipo zinandipweteka kuti ndawadziwa mochedwa.

Mtima unakhala pansi, koma chikwama chinatsala kumsana, chifukwa kuchitula kukanafuna kufotokoza. Ndinasewera choncho, tayi ikuuluka. Malume ankaponya ngati akuingitsa nkhuku. Mbale yawo inapita mumtengo, inapita pansi pa benchi ya anthu awiri amene sankafuna alendo, kenako inapita m'ngalande. Lamulo linali lakuti pomwe yagwera m'pomwe umaima n'kuponyeranso. Malume anati lamulo lotere siliyenera kukhudza mkulu wa mpingo, koma mzungu anakana. Ndinawaona malume anga, mwini mbumba, ataima m'matope mpaka mu akakolo, akuyeza mphepo ndi chala.

Ine zinkangolowa, katatu katatu. Mayi a kwaya anauza anzawo kuti zisawadabwitse, mwanayu ndi injiniya, amachita kuwerengera. Malume anatsokomola.

Titafika pamtengo womaliza, basiketi panalibe. Munthu wina wodutsa anali ataona basiketi yabwinobwino ili pamtengo yopanda mwini, nailanditsa. Mzungu anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera kumsana kwanga. Anapempha mwaulemu kuti ndikhuthule chikwama tichikoleke.

Ndinakhuthulira pa kapinga. Bulangete, malaya, nsapato, ndipo pamwamba setifiketi.

"Ukupita kuti iwe?" anafunsa malume.

"Anti anati mukukaponya m'bale, malume. Ndiye ndinati ndisakuvutitseni ndi zolongedza."

Mayi a kwaya anaseka mpaka kukhala pansi. Mzungu anapempha kuti amumasulire. Anamutchulira mawu awiri aja pang'onopang'ono, iye n'kuwabwereza onse mofanana, n'kunena kuti sakumva kusiyana. Ndinamukonda munthu uja.

Malume sanaseke. Anatola setifiketi, naipukuta udzu, nandipatsa.

"Lamulo la mzunguyu walimva. Iwe wagwera mu Nairobi, uponyeranso pompano. Lolemba ukayamba kwa mnzanga wokonza mafiriji. Koma mayi ako uwalembera wekha. Ine ndaima kale m'matope lero, zandikwana."

Kenako anaponya mbale yawo m'chikwama changa. Zinatenga kasanu ndi kawiri, iwo n'kulengeza kuti kanayi, ndipo ine monga wa masamu ndinavomereza.

Kalata yopita kwa mayi inanditengera milungu itatu ndi mapepala ambiri, onse olowa m'basiketi ya zinyalala pa kuponya kumodzi. Anayankha kuti firiji alibe, koma akadzagula adziwa woitana. Bulangete ndinalibwezera pabedi tsiku lomwelo. Mpaka ndinachoka pa nyumba ija, anti akafuna kundiuza kanthu ankayamba alavulira mapegi m'manja.