Tsiku limene amayi anavula zoyera

Ndikukumbukira chaka chimene msana wanga unapindika. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, tikukhala mu komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde, ndipo patchuthi ndinkathandiza amayi kuthyola tiyi. Ululu unkakhala malo amodzi, ngati wina wakhomapo msomali, mpaka ndinayamba kuyenda mopendekera. Anzanga ankati ndikuyenda ngati basi ya ku Mutare imene yalemedwa nthochi mbali imodzi. Aliyense ankaloza dengu la tiyi. Ku Honde msana ukawawa, mlandu ndi wa dengu basi.

Mpingo wathu wa apositoli sunkalola mankhwala kapena chipatala. Anandipempherera, anandimwetsa madzi odalitsidwa mpaka kukhuta, koma msana osamva. Tsiku lina mnzanga kusukulu anandipatsa asipirini mobisa, ululu n'kuzimiririka. Ndinaulula kwa amayi ndikuyembekezera mkwapulo. Iwo anangoti, "Ndiye kuti achipatala akuchidziwa chinthu chimenechi."

Kutacha anavula zovala zawo zoyera za mpingo, n'kubwereka diresi lamaluwa kwa oyandikana nawo. Tinadutsa pakati pa komboni, utsi wa nkhuni zaziwisi uli m'maso, a mpingo akutiyang'ana. Mayi wina anafuula m'Chishona, "Mai Lameki, muri kuendepi?" Amayi anayankha osacheuka, "Ku Hauna, kukiliniki. Mukanene."

Nesi atamva za asipirini ndi zoti ululu unkakula usiku, anatitumiza ku Mutare, a ku Mutare n'kutitumiza ku Harare. Atandijambula anapeza kachotupa komera m'fupa la msana. Sikanali khansa, koma kakanakula kakanafinya mitsempha, miyendo n'kufa. Anandichita opaleshoni. Nditatsitsimuka ndinapeza amayi atandigwira zala zakuphazi, akuti, "Iwe, tagwedeza tione." Ndinagwedeza, iwo n'kuseka mpaka misozi.

Titabwerera mpingo unawadula. Amayi, amene ankayambitsa nyimbo pa mapemphero, anayamba kuimba okha kuseri kwa nyumba, ndipo sanadandaulepo pamaso panga.

Masiku ano ana ambiri a mpingo womwewo amapita kukiliniki masana, palibe wowafunsa. Ndikawaona ndimanyada, chifukwa ndikudziwa amene anayamba kuponda njira imeneyo. Amayi anamwalira asanawabwezere pamzere wa oimba. Koma ine amene ndikanakhala wokwawa ndinanyamula nawo bokosi lawo mpaka kumanda, nditaongoka.