Bungwe Lomwe Tinalisonkhera Matemba

Ine ndine munthu woyamba m'boma lonse la Machinga kukambirana ndi bungwe la kutsidya la nyanja popanda womasulira. Zokambiranazo zinali makalata awiri basi, ndipo yachiwiriyo inali yondikana.

Koleji ndinaisiya ndili chaka chachiwiri, ngakhale aphunzitsi amati ndi iyo inandisiya. Nditabwerera pa Nsanama ndinayamba kukonzera anthu mafoni, mpaka dzina langa linasanduka a Injiniya. Dzina limeneli ndi digiri yokhayo yomwe ndinali nayo, ndipo ndinkalisamala ngati dzira.

Amayi opikula nsomba kunyanja ya Chiuta ndinawaikira m'mafoni mwawo pulogalamu yaulere yotumizirana mauthenga, yopanda otsatsa malonda, kuti azidziwitsana mitengo. Tsiku lina ndinawerenga kuti mwini wake ndi bungwe losafuna phindu. Inu owerenga, bungwe mumalidziwa kwathu kuno: galimoto yoyera, malaya olembalemba, zoziziritsa kukhosi ndi alawansi. Ndinalilembera kalata yopempha maphunziro a masiku atatu. Yankho lisanabwere n'komwe, ndinakauza wapampando wa amayiwo, Abiti Saidi, kuti azungu ali m'njira. Amayi anasoketsa yunifolomu. Nyimbo yolandirira alendo inapekedwa, dzina langa lili m'kati.

Kenako yankho linafika, laulemu kwambiri. Anati iwo ndi anthu ochepa, ambiri amagwira mongodzipereka, ndipo makina osunga mauthenga amawalipirira ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino. Anamaliza ndi kufunsa ngati ineyo ndingaponyeko kangachepe.

Ndinawerengera amayi kalatayo pansi pa mtengo wa mango.

“Bungwe lopempha?” anafunsa Abiti Saidi. “Ndiye chaka chonsechi takhala tikudyera amphawi anzathu? Iyayi, a Injiniya, zimenezo ndi zamanyazi. Amayi, sadaka!”

Pofika madzulo dengu linali litadzaza matemba. Anandiuza kuti ndikapereke ndekha, popeza azunguwo ndi anzanga.

Tsamba la pa intaneti lolandirira zopereka linkafuna khadi ya kubanki. Ndinafufuza paliponse, malo olowetsera matemba panalibe. Kudya sindikanatha, chifukwa sadaka ya eni imatsamwitsa. Ndinakwera nawo minibasi mpaka ku Balaka, n'kukhala pamsika tsiku lonse ndikuitanira makasitomala, ine munthu wodziwa makompyuta. Mnzanga wina wokhala ndi khadi ndiye anatumiza ndalamazo. Bungwe linathokoza ndi mzere umodzi.

Pulogalamuyo ikugwirabe ntchito, ndipo amayi amati ndi matemba awo akuiyendetsa. Koma dzina lija linapita. Lero ngakhale a kabaza amandiitana kuti a Alawansi.

Choncho inu owerenga, mukamva mawu oti bungwe, musathamangire kwa telala. Yambani mwafunsa ngati eni akewo adya. Ine phunziroli linandidyera dzina, komanso K1,500 yomwe kondakitala analipiritsa dengu, ati linakhala pampando ngati munthu.