Shopu ya maluwa ya ku Al Quoz yandilanda munda

Anthu a pa shopu ina ya maluwa ku Al Quoz andilanda munda. Ndikulemba mtima ukuwira, ndiye mundipirire.

Amene simundidziwa, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Twar, chaka chachinayi tsopano. Kwathu ndi ku Dedza, ndinakulira m'dimba la anyezi ndi kachewere. Chaka chatha wosamalira maluwa pakhomo pano atabwerera kwawo, madamu anaona mmene ndinatsitsimutsira maluwa amene ankauma, nati munda ukhale m'manja mwanga. Inu amene mumagona m'nyumba za eni mukudziwa tanthauzo lake. Maola awiri m'mawa uliwonse ndili panja, manja m'dothi, popanda wondiitana. M'dziko lino chimene ndinkachitcha changa chinali chimenecho basi.

Ndiye mwana wamkazi wa madamu anapeza mwamuna, phwando la chinkhoswe linakonzedwa kuti lichitike mu Febuluwale pakhomo pomwe pano. Madamu anati akufuna matyulipu ofiira kuyambira pa geti mpaka pakhonde. Tyulipu ndi duwa la kumayiko ozizira, mbewu yake imaoneka ngati anyezi. Kuti lichite maluwa, mbewuyo imayenera kumva chisanu kaye. Kuno chisanu mungachipeze kuti? Ndiye umaigoneka m'firiji masabata khumi ndi awiri, kenako n'kubzala. Madamu anandifotokozera, ine ndinamva, mpaka ndinachotsa zonse m'firiji yaing'ono ya kuseri kuti mbewu ikagone yokha.

Lachiwiri lina kumapeto kwa Seputembala, 10 koloko m'mawa, a Zulu, dalaivala wathu wa ku Chipata, ananditengera ku shopuko. Tinapeza bambo wina wa yunifolomu yobiriwira, pakamwa pake potsekemera. Ndinamuuza kuti ndikufuna mbewu ya tyulipu yoti ndikaike m'firiji. Anaseka. Akuti sisita, mukudzivutitsiranji? Akuti mu Disembala kubwera ina yoziziritsa kale, yongofika n'kubzala, ya firiji ija ndi ntchito ya anthu osadziwa zinthu. Ndinamufunsa kawiri. Ndinafunsanso kachitatu, a Zulu ali chilili pomwepo. Bamboyo anagwira pamtima, akuti ndimukhulupirire, iye wagulitsa maluwa zaka zambiri.

Apa ndivomere kupusa kwanga. Kwathu wogulitsa mbewu akakuuza kuti kachewere uyu ndi wabwino, sumupempha kalata. Sanganame, chifukwa mawa mukumana kutchalitchi, mkuja mukumana pamaliro. Ndinaiwala kuti munthu uyu sitidzakumana naye pamaliro alionse. Ndinabwerera chimanjamanja, n'kukauza madamu kuti zonse zili m'malo.

Sabata yachiwiri ya Disembala tinapitanso. Bambo yemweyo anandipatsa mbewu 120 m'kathumba kopanda chizindikiro chilichonse, madiramu 480, ndalama za kuno, pa khadi ya madamu. Lisiti linangolembedwa kuti maluwa. Nditaigwira mbewuyo sinali yozizira, ndipo ndinanena. Akuti aitulutsa m'mawa womwewo kuti izolowere mpweya. Yankho linali lokonzeka kale.

Ndinabzala m'miphika makumi awiri, zisanu ndi chimodzi mumphika uliwonse, nsonga kuloza kumwamba. Ndinkadzuka hafu faifi kuthirira. Dzuwa likakwera ndinkasenza miphika yonse kupita nayo pamthunzi, madzulo n'kuibwezera. Msana uwu ndi mboni. Masamba anatuluka bwinobwino, obiriwira, madamu mpaka anajambula n'kutumizira abale awo. Januwale anatha, masamba. Febuluwale analowa, masamba. Pa mbewu 120 panatuluka maluwa atatu, afupiafupi, obisala pansi pa masamba ngati akuchita manyazi.

Kutatsala masiku awiri kuti phwando lichitike, madamu anaitanitsa maluwa odula kale, miphika yanga n'kukaibisa kuseri kwa galaja. Sanandikalipire. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Paja unati ulimi umaudziwa." Kukalipiridwa kukanakhala bwino. Mawu amenewo anandilasa, ndinakalirira kubafa.

Lamlungu lapitali linali tsiku langa lopuma, limene limabwera kamodzi pa masabata awiri. Anzanga anapita kutchalitchi. Ine ndinakwera sitima ya metro, kenako basi, mphika umodzi uli pamiyendo, anthu akundiyang'ana. Ndinafika pa shopupo 9:40. Bambo wa yunifolomu yobiriwira atandiona anayamba kutanganidwa ndi paipi ya madzi. Ndinaima mpaka 10:25. Atabwera, anayang'ana mphika, anayang'ana ine, n'kundifunsa kuti kodi mbewuyi ndinaiika m'firiji?

Ndinati, bambo, si inu munandiletsa? Akuti iye sangalankhule zotero, aliyense amadziwa kuti tyulipu amafuna firiji. Akuti makasitomala ndi ambiri, mwina ndinamva molakwika, mwina Chingerezi chinandivuta. Chingerezi chinandivuta katatu konse? Chinawavutanso a Zulu? Nanga pamtima paja ankagwirapo chiyani, ankakanda?

Ndinati ndikufuna manejala. Anandikhazika pa benchi pafupi ndi matumba a manyowa mpaka 11:50. Manejala atatuluka, funso lake loyamba linali lakuti analipira ndani. Ndinati madamu. Akuti ndiye kasitomala ndi madamu, iwo amakambirana ndi kasitomala. Ndinati amene anabwera ndine, amene ananamizidwa ndine, amene anabzala ndine. Ndinamuuza kuti sindikufuna ndalama, sindikufuna mbewu ina. Ndikufuna mzere umodzi wokha papepala, wonena kuti mbewu imene anandigulitsa sinali yoziziritsa, ndikaonetse madamu.

Mukudziwa zimene anayankha? Akuti chaka chatha chonse shopu yawo sinaitanitseko mbewu yoziziritsa ngakhale imodzi, ndiye wantchito wake sakanalonjeza chinthu chimene kulibe. Ndinati zikomo, lembani zomwezo. Akuti iwo salemba makalata. Kenako anafewetsa mawu, akuti sisita musadandaule, ndipatseni nambala ya madamu, ndiwafotokozera ndekha kuti inu simunalakwe. Ine ndi mtima wanga wa ku Dedza ndinapereka nambala. Ndinathokozanso, pamaso pa Mulungu, ndinati shukran.

Anaimbadi foni, Lolemba masana. A Zulu ndi amene anandiuza, chifukwa madamu anali m'galimoto ndipo foni inali pa sipika. Manejala anauza madamu kuti mtsikana wawo wantchito sanaike mbewu m'firiji, komanso ankathirira madzi ambiri. Akuti maluwa ngati amenewa si a munthu wamba, amafuna katswiri, ndipo shopu yawo ikhoza kumatumiza munthu kawiri pa sabata, mwezi woyamba ulere. A Zulu anayesa kulowererapo, madamu anangoti khalas, kutanthauza basi zatha, yang'anani msewu. Madzulo a Zulu anandipeza kukhitchini, akuti, "Mlongosi, nenzepo ine, ninamvela na matu yanga. Manje ine ndine draiva chabe, bazanimvela ndani?"

Lero m'mawa, 7 koloko, belu la pa geti linalira. Ndinapita kukatsegula. Yunifolomu yobiriwira. Bambo yemwe uja, akumwetulira, akuti gudumoningi sisita, makasu mumasunga kuti? Madamu anaitana ali pakhonde kuti ndimuonetse zida, ndikatha ndimupangire tiyi, kenako ndikayambe mabafa a m'mwamba.

Ndiye inu a shopu, ndikudziwa kuti uthengawu ukupezani, ndiyankheni. Ngati mbewu yoziziritsa munalibe, munandibwezeranji mu Seputembala, nthawi ya firiji ikadalipo? Mzere umodzi papepala ukanakuphani? Kapena mwaona kuti wantchito wa m'nyumba ndi wosavuta kumusenzetsa mlandu, poti alibe pokadandaula?

Ndipo inu alongo anga a ku Al Twar, ku Jumeirah Lake Towers ndi kwina konse, madamu akakutumani kokagula mbewu ya maluwa, musamvere za pakamwa. Alembe. Akakana kulemba, jambulani mawu ake pa foni. Tyulipu muziika nokha m'firiji masabata khumi ndi awiri, wina akaseka msiyeni aseke. Nambala ya madamu musapereke kwa munthu amene mukukangana naye.

Bambo wa yunifolomu yobiriwira uja ndamuona pawindo la kubafa akuzula mbewu zanga n'kumaponya m'thumba la zinyalala, mphika umodziumodzi, mpaka yonse makumi awiri. Abweranso Lachisanu. Wandiuza kale kuti tiyi wake ndizithira masupuni atatu a shuga.