Mwamuna Wogwira Munsi

Anandilanda sukulu chifukwa cha munsi. Lero ndamva fungo la gaga pamtondo wa mkazi wanga, mantha aja n'kundibwerera.

Chaka chimenecho amayi anali chigonere nyengo yonse yachisanu. Mlongo ndinalibe, ndiye ndinkasinja ndekha kuseri kwa nkhokwe. Amalume anandipeza thukuta lili kamukamu.

"Iwe! Mwamuna wogwira munsi amamera mawere. Ndiye zimene mukuphunzira kumishoni zimenezi?"

Ndinaseka. Koma pasanapite nthawi nsonga za mawere anga zinatupa, zolimba ngati nthanga, zowawa ndikazikhudza. Palibe anandiuza kuti anyamata ambiri amatero akamakula. Ndinkayenda nditakumbatira sileti pachifuwa, kuopa kuti tsiku lina ndidzadzuka ndili mkazi.

M'mawa wina wankhungu amalume anandidikirira panjira ya kusukulu. Ananditsomphola sileti ija, n'kunditsina potupapo mpaka ndinakuwa.

"Waona? Zayamba. Za sukulu zathera pano. Tiye kudambwe, a Nyau akakuwongole."

"Nanga amayi awasinjira ndani?"

Amalume anaponya sileti patchire, n'kundigwira padzanja. Kutsidya kwa Linthipe, kunkhalango ya kumanda, ng'oma zinali zitayamba kale kulira.