Malata a Mkuwa a Octavie Marchandeau

Ine ndakalambira pa bwato lochapira zovala ku Pontoise. Pa akazi onse amene ankatsikira kumtsinje wa Oise, Octavie Marchandeau yekha ndiye ankabwera wopanda mtolo wa zochapa. Iye ankanyamula utoto. Ankaimika thabwa lake lojambulirapo m'matope n'kumatijambula mothamanga ngati wasiya mkaka pamoto, ati kuwala kwa dzuwa sikudikira munthu.

"Mayi Marchandeau, nanga nkhope yanga ili pati apa?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Mayi Pichon, nkhope yanu amaiona ndani? Tsiku lonse mumakhala chowerama. Ndajambula msana wanu ndi nthunzi."

Ndinapsa mtima, koma msanawo unalidi wanga.

Nyengo yachisanu ankakhala m'nyumba, kukanda zithunzi ndi singano pa malata ang'onoang'ono a mkuwa. Akatero ankapaka inki, kupukuta ndi chikhatho, n'kupsinja lata papepala ndi makina a gudumu. Lata limodzi linkabala zithunzi zambirimbiri.

Mwamuna wake, Anatole, ankajambula akavalo a anthu olemera. Sanali woipa mtima, kungoti ankadziwa kutseka pakamwa zinthu zikamamukomera. Bambo Fauvel, wogulitsa zithunzi ku Paris, ankati dzina la mkazi limathamangitsa ogula, choncho zithunzi za Octavie zinkapita ndi dzina la banja lokha. Anthu ankatamanda Anatole, iye n'kumangovula chipewa. Zimenezi zinkandinyansa, ndipo zimandinyansabe.

Anatole atamwalira, Fauvel anatulukira misozi isanaume. Ine ndinali momwemo, nditabweretsa nsalu zochapa. Mkuluyo anati atenga malata onse, akasindikize zithunzi, achite chionetsero cha ntchito zomaliza za malemu.

"Tengani," anatero Octavie, "koma mukalembepo Octavie."

"Mayi, musandivute. Dzina la malemu ndi limene lizikudyetsani. Lanulo mudzathira mu supu?"

"Anatole sanagwirepo singano. Ngakhale batani linkamukanika kusoka."

"Akudziwa zimenezo ndani? Ochapa zovala?" anatero akundiyang'ana cham'mbali. Ndikanakhala ndi thabwa langa lomenyera zovala, bwenzi tikunena zina.

Pantchito imeneyi pali mwambo. Wojambula akafuna kuti lata lake lisabalenso, amalipha polikanda mzere wakuya kuchokera ngodya ina kukafika ina, ndipo wotero amakhala mwini ntchitoyo basi. Octavie anatola singano, nakoka lata la mlatho wathu, n'kulidula mzere. Anatenga lachiwiri, la mayi akusambitsa khanda. Misozi inkagwera pamkuwapo.

"Mwapenga kodi?" Fauvel anamugwira mkono. "Mulibe ufulu. Lata amapha ndi mwini wake."

"Ndiye ndi uyu akuphayu, bambo. Chotsani dzanja."

Anakanda onse, ntchito ya pafupifupi moyo wake wonse, Fauvel ali chilili, kenako anamutsegulira chitseko. Ine ndinakhala ndi Octavie mpaka dzanja lake litasiya kutuluka magazi pomwe singano inaterereka.

Ku Paris sanamuitanenso. Anakalamba akudya mkate ndi anyezi, akuphunzitsa ana a madokotala kujambula maluwa, ntchito imene ankadana nayo kwambiri. Koma lata lililonse lophedwa lija analisindikiza kamodzi, mzere uli pomwepo pakati pa mlatho, pakati pa khanda, ndipo pansi pake analemba ndi pensulo dzina lake lonse.